Kwa anyamata ofika kumene ku Japan: nkhani ya akazi a kuno

February woyamba nditafika kuno, pa 14, ndinalawirira ku labu anzanga asanabwere. Mtsikana wina amene tinkaphunzira naye analowa, n'kubwera molunjika pa desiki yanga, kuwerama pang'ono, n'kundipatsa kabokosi ka chokoleti komanga ndi kansalu kofiira. Ananena timawu tiwiri tothokoza n'kutuluka. Tsikulo ndinali ndi kalasi ya Chijapani mbali ina ya tauni, ndiye ndinanyamuka ndi kabokosi kanga m'thumba la jekete, ndikukagwiragwira njira yonse. Usiku ndinaimbira msuweni wanga ku Area 25 kumuuza kuti kuno zinthu n'zozondoka, akazi ndi amene amafunsira, ndipo mwana wa ku Ntcheu wafunsiridwa asanathe ndi miyezi isanu yomwe. Iye anati, "Ase, usachedwe nazo."

M'mawa mwake ndinameta, n'kuvala shati ya kutchalitchi. Kulowa mu labu, kabokosi konga kanga kaja, nsalu yake yomweyo, kali pa desiki ya pulofesa. Kena pa desiki ya mnyamata wa ku Vietnam. Kena kali m'manja mwa mdala wina wokonza makina, akudya alibe nazo ntchito. Tinalipo amuna 11 ofunsiridwa tsiku limodzi ndi mkazi mmodzi.

Chokoleti chimenecho amachitcha giri-choko, cha ulemu chabe, ngati mmene kwathu timapatsirana moni panjira. Cha chikondi chenicheni amati honmei-choko, ndipo nthawi zambiri chimakhala chodula kapena chopanga yekha kunyumba. Komanso ukalandira uli ndi ngongole: pa 14 March, tsiku limene amati White Day, mwamuna amabweza, ndipo ena amanena kuti ubweze cha mtengo katatu. Ine sindinabweze chifukwa palibe anandiuza. Masiku ano m'maofesi ambiri mwambo wa giri-choko ukutha, koma ukakupezani musaimbire aliyense foni.

Ndinabwera kuno mu 2014 pa sikolashipu ya boma la Japan ija ya MEXT, kudzaphunzira za nthaka ndi ulimi wothirira, ndipo sindinabwererenso kokakhazikika. Chaka chilichonse, April ndi October, kumafika anyamata atsopano, ena a MEXT, ena a sikolashipu ya ABE Initiative, ena odzera ku JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza mayiko ena. Tikakumana timawauza za kusankha zinyalala, za kuyenda ndi khadi la zairyu, chiphaso cha mlendo wokhala kuno, paliponse, za maola 28 pa sabata amene wophunzira amaloledwa kugwira ganyu. Za akazi palibe amayankhula poyera, timangoseka n'kumenyana pamapewa. Koma mwa anyamata amene ndawaona akubwerera kwawo nthawi isanakwane, ochuluka sanagwe ndi mayeso. Ndikulembera amuna chifukwa ndi njira imene ndayenda ine. Ndipo muziwerenga mukudziwa kuti akazi a kuno ndi oposa 60 miliyoni, sangakhale mtima umodzi. Ndikunena za amene ndinakumana nawo ndi za malamulo amene amatimanga tonse.

Ndiyambe ndi chimene ndimachita nacho manyazi kwambiri.

Kwathu tinakula tikudziwa kuti mkazi wamakhalidwe savomera tsiku limodzi. Akati "ndikaganize kaye", umadziwa kuti nkhani ikuyenda. Umakamudikira pa mjigo, pa chigayo, potuluka kukwaya, umatuma mlongo wake, mpaka tsiku lina amaseka n'kuyang'ana pansi akulemba ndi chala chakuphazi. Mwamuna wolimbikira timamutama. Ndiye ine ndinabweretsa nzeru imeneyo kuno.

Ndinadziwana ndi mtsikana wina pa phwando lina limene mzinda umakonzera ophunzira akunja. Tinamwa khofi kawiri, kachitatu tinakaonera maluwa a sakura kupaki. Nditamupempha kachinayi anandilembera pa LINE, pulogalamu ya mauthenga a pafoni, kuti "chotto isogashii", watanganidwa pang'ono, "mata kondo", tidzaonana ulendo wina. Ine ndinamva "ndikaganize kaye". Pa LINE uthenga ukawerengedwa pamaoneka chizindikiro choti kidoku, ndipo mauthenga anga ankawerengedwa koma osayankhidwa. Ndinkalemba m'mawa kumufunsa ngati wadzuka bwino, usiku kumufunira tulo tabwino, kwa masabata awiri ndi theka. Kenako ndinaganiza kuti foni ikundichepetsa, mwamuna amaonekera nkhope. Ndinagula maluwa n'kukaima pa siteshoni imene ndinkadziwa kuti amatsikira akaweruka kuntchito.

Anatuluka pageti la matikiti cha m'ma 7 madzulo. Atandiona anaima chilili. Sanakwiye, sanakalipe. Anagwira lamba wa chikwama chake ndi manja onse awiri mpaka zala zinayera, n'kuyamba kubwerera chammbuyo pang'onopang'ono kulowera pa windo la wogwira ntchito pasiteshoni. Ankawerama akunena "sumimasen, sumimasen", pepani pepani, ngati iye ndi amene walakwa. Apo ndi pamene ndinaona kuti mwana wa eni akunjenjemera. Sanali kunyada kapena kudzikweza mtengo ayi. Ankandiopa. Maluwa aja ndinakawasiya pa benchi, ndipo pofika kunyumba ndinali nditatsekedwa pa LINE.

Nditamufotokozera mkulu wina wa ku Ghana amene anali atakhala kuno zaka zambiri, sanaseke. Anandiuza kuti ndithokoze Mulungu kuti mtsikanayo sanapite pa koban, tinyumba ta apolisi timene mumationa pafupi ndi masiteshoni ambiri. Kuno kuli lamulo la mu 2000 loletsa kulondalonda munthu, ndipo analiwonjezera kuti likhudzenso mauthenga a pafoni ndi pa intaneti. Kudikira munthu pakhomo pake, kuntchito kwake kapena panjira imene amadutsa, kumutumizira mauthenga motsatizana iye atakana, zonsezo zili m'lamulomo. Kawirikawiri apolisi amayamba ndi kukuchenjeza, ukapitiriza amakumanga. Ndipo kuno munthu akhoza kusungidwa mpaka masiku 23 asanamutsegulire n'komwe mlandu kukhoti. Masiku 23 osaoneka ku labu kapena kuntchito, sikolashipu yapita, ndipo pokawonjezera viza mudzayankha mafunso.

Chovuta n'chakuti mawu akuti "ayi" simudzawamva. Anthu a kuno amaona kuti kukana munthu pamaso ndi kumuvula. Ndiye amakana ndi "chotto", amakana ndi "ndiganizira", amakana ndi "ndikatha ndibwera", amakana ndi kukhala chete. Amayembekezera kuti iwe uwerenge mpweya, kuuki wo yomu, ndiye kuti umve zimene sizinanenedwe. Chizindikiro chimene ine ndinaphunzira n'chophweka: mkazi amene watanganidwadi koma akukufuna amatchula tsiku lina yekha. Akati Loweruka sangathe koma Lachitatu la sabata ya mawa ali ndi mpata, zili bwino. Akangoti watanganidwa basi, kawiri motsatizana, pindani mphasa. Musafunse chifukwa, musapite kukapepesa, musatume mnzake.

Ndiye pali mbali inayo, imene inandipeza nditasanduka wamantha. Patapita chaka ndi theka ndinayamba kuyenda ndi mkazi wina. Tinayenda miyezi inayi: kukadya, kukaonera makombola a m'chilimwe iye atavala yukata, chovala chopepuka cha Chijapani, kukwera phiri. Ine mumtima ndinali nditamaliza kuti uyu ndi wanga, nanga munthu angakupatse Loweruka lililonse popanda chifukwa? Tsiku lina tinakumana ndi mnzake wa kuntchito mu sitolo, iye n'kunena kuti, "Uyu ndi tomodachi," mnzanga chabe. Zinandiwawa. Titakhala pansi ndinafunsa. Iye anayang'ana m'kapu yake nthawi yaitali, kenako anati, "Koma simunanene chilichonse."

Kuno chibwenzi chili ndi khomo lolowera, amati kokuhaku. Mumayenda kawiri katatu ngati mukuonana chabe, kenako mmodzi, kawirikawiri mwamuna, amanena mawu ake enieni: "Suki desu. Tsukiatte kudasai." Ndimakukondani, chonde tikhale pachibwenzi. Akavomera, tsiku limenelo ndi limene chibwenzi chabadwa, ndipo adzalikumbukira chaka ndi chaka. Osanena mawuwo, ngakhale mutagwirana manja kangati, simuli kanthu, ndipo iye ali ndi ufulu woganiza kuti mukungomuseweretsa. Nditaganiza bwino ndinaona kuti n'kufunsira komwe kuja kwa kwathu, kungoti ife timayamba ndi mawu kenako n'kumayenda, iwo amayamba ndi kuyenda kenako mawu. Ine ndinalimbikira pamene pankafunika kusiya, n'kukhala duu pamene pankafunika kutsegula pakamwa.

Zina n'zing'onozing'ono, mudzaziseka pambuyo pake. Adzakufunsani gulu la magazi anu pa tsiku loyamba, musaganize kuti akukukayikirani matenda. Ambiri amakhulupirira, ena mocheza chabe, kuti magazi amaonetsa khalidwe: a A ndi osamala, a O ndi omasuka, a B ndi odzikonda. Ine ndi B, ndipo mtsikana wina atamva anangoti "aa, yappari", kutanthauza kuti ankadziwa kale. Bilu ikabwera ena amatulutsa foni n'kugawa pakati mpaka yen yomaliza, amati warikan. Musakangane naye ngati wakunyozani, koma pa tsiku loyamba yesani kulipira, ambiri amayamikira. Kukumana kumapanganidwa masabata awiri kapena atatu nthawi isanakwane, n'kulembedwa m'kabuku. Zongotulukira kuti "ndili pafupi ndi kwanu, tuluka" kulibe. Mukapangana 6 koloko, fikani isanakwane ndi mphindi zisanu. Ine ndinachedwapo mphindi 20 osatumiza uthenga ndipo ndinapeza mpando wozizira. Perefyumu amene munagula pa bwalo la ndege ku Addis Ababa muchepetse, kuno fungo lamphamvu amalitenga ngati kuvutitsa anzako mu sitima. Ndipo sitima yomaliza imanyamuka cha pakati pa usiku. Akayamba kuyang'ana wotchi cha m'ma 11, muperekezeni pa siteshoni mwaulemu.

Khirisimasi ndiye inandigwetsa. Kwathu ndi tsiku la tchalitchi, mpunga, nkhuku ndi abale. Kuno Akhristu ndi pafupifupi munthu mmodzi pa 100 alionse, pa 25 December anthu amapita kuntchito ngati tsiku lina lililonse, ndipo usiku wa pa 24 ndi wa zibwenzi. Malo odyera abwino amadzaza mwezi wathunthu tsikulo lisanafike, mabanja amaima pamzere kugula nkhuku ya KFC. Ine ndinamuuza mkazi wa yukata uja, sabata imodzi tsikulo lisanakwane, kuti pa 24 ndikakhala ku mapemphero a usiku ndi abale a ku Nigeria ndi ku Philippines. Iye anali atasungitsa tebulo mu October. Sanadandaule. Anangoti "wakatta", ndamva. Pofika January chibwenzi chinali chitazizira ngati nsima ya dzulo. Sindikunena kuti musiye tchalitchi. Ndikunena kuti za chikhulupiriro chanu muzinene koyambirira, chifukwa iye sangalote kuti munthu amapemphera maola atatu Lamulungu lililonse n'kuperekanso chakhumi.

Pali akazi ena amene adzakufunani msanga kwambiri, ndipo poyamba mudzamva kukoma. Mmodzi ndinakumana naye ku kalabu, tsitsi ataluka, khungu atalidetsa dala, Chingelezi chake cha m'nyimbo za ku America. Anandifunsa ngati ndimachokera ku New York kapena ku Atlanta. Nditati Malawi anafunsa ngati ndi ku Malaysia. Nditati ndimaphunzira za nthaka ndi madzi a m'munda, nkhope yake inagwa ngati ndamubera. Iye ankafuna munthu wakuda wa pa TV, ndipo aliyense wa khungu ili akanakwana. Wina ankabwera ndi kope, ndikayankhula iye n'kumalemba, kumandifunsa kusiyana kwa mawu awa ndi awa. Pa ulendo wachinayi ndinazindikira kuti ndikuphunzitsa Chingelezi mwaulere n'kumalipiranso khofi. Sikuti ndi anthu oipa. Koma ukaona kuti munthu sakufunsa dzina la mayi ako, za kumudzi kwanu, za chimene ukufuna kudzachita ukamaliza sukulu, dziwa kuti akuyenda ndi chithunzi, ndipo chithunzi chimatopetsa msanga.

Komanso samalani pakamwa, musaganize kuti Chichewa ndi chinsinsi kuno. Achinyamata a ku Japan odzipereka kudzera ku JICA akhala akupita ku Malawi kuyambira 1971, ndipo dziko lathu ndi limodzi mwa amene alandira ochuluka kwambiri. Aphunzitsa masamu m'masekondale a kumudzi, agwira ntchito m'zipatala, adya nsima ya mgaiwa ndi bonya. Tsiku lina pa chikondwerero cha zakudya za ku Africa ku Yokohama, ine ndi mnzanga tinali pamzere kumbuyo kwa mkazi wina. Mnzangayo anati, "Koma mwana uyu ndi wokongola, kungoti timiyendo." Mkaziyo anatembenuka, n'kuwomba m'manja mwaulemu ngati mayi wa ku Dedza, amvekere, "Zikomo kwambiri achimwene, koma timiyendoto timandifikitsa kumene ndikupita." Mnzanga anafuna nthaka itang'ambika. Mkaziyo anali atakhala zaka ziwiri ku Malawi. Tinakhala mabwenzi, ndipo ndi iyeyo amene patapita nthawi anandidziwitsa kwa mnzake wa kusukulu, amene lero ndi mayi a kunyumba kwanga. Kuno njira yodzera mwa mnzako wodalirika imayenda bwino kuposa kuimitsa munthu panjira. Kuimitsa mkazi pamsewu amati nanpa, ndipo munthu wakuda wamtali akachita zimenezo usiku, mkazi amathamanga.

Pa mapulogalamu a pafoni ofunira zibwenzi, monga Pairs, Tinder ndi Bumble, anthu ambiri amapezanadi mpaka kukwatirana. Koma mkazi akaumirira kuti mukakumane ku bala imene iye wasankha, makamaka cha ku Kabukicho, dera la mabala ku Tokyo, kanani. Mnyamata wina wa kwathu anapita, anamwa mabotolo awiri, mkazi anaitanitsa zakumwa zake n'kuyambitsa timasewera ta kumwa, kenako anapita kuchimbudzi osabwerera. Bilu inabwera ya 180,000 yen, ndi anyamata awiri a matupi akuluakulu oti amuperekeze pa makina otapira ndalama. Amati bottakuri, mkaziyo amakhala wa bala yomweyo. Mbali inayo, dziwani kuti akazi a kuno achenjezedwa kwambiri pa TV za akuba a pa intaneti amene amanamizira chikondi n'kumapempha ndalama, ndipo Africa imatchulidwa m'nkhani zimenezo. Ndiye tsiku limene mudzabwereke 10,000 yen kwa chibwenzi chanu chifukwa amayi adwala kumudzi, ngakhale zili zoona, m'mutu mwake mudzalira belu. Bwerekani kwa ife.

Zitatu izi ndizinena mosazungulira. Mtsikana wosakwana zaka 18 musayandikire n'komwe, chigawo chilichonse chili ndi lamulo lake pa zimenezi, ndipo nkhope za kuno zimanamiza msinkhu. Mkazi woledzera mukwezeni takisi apite kwawo: lamulo analikhwimitsa mu 2023, ndipo kugona ndi munthu amene mowa wamulepheretsa kukana ndi mlandu waukulu, kukhala chete kwake si kuvomera. Mkazi wa mwini musiyeni, ngakhale atakuuzani kuti banja lake linatha kalekale mumtima. Kuno mwamuna wake sabwera ndi chikwanje. Amalemba ntchito wofufuza, amajambula zithunzi mukutuluka mu hotela, kenako mumalandira kalata ya loya yofuna chipukuta misozi, isharyo, chimene chimatha kufika mamiliyoni a yen.

Tsopano inu amene mwasiya mkazi kumudzi, kapena mwana, kapena munthu amene makolo anakaonekera kale. Ndikudziwa kuzizira kwa February m'kachipinda ka mphasa zisanu ndi imodzi, ndikudziwa kuti zaka ziwiri n'zambiri. Koma mapanga awiri avumbwitsa. Ndaona mkazi wa kuno akupeza zithunzi za chinkhoswe pa Facebook ya mlamu wake wosamudziwa, n'kuzimasulira ndi foni mawu ndi mawu. Mitala kuno ndi mlandu. Pokalembetsa ukwati amafuna chikalata chochokera kwanu chotsimikiza kuti ndinu mbeta, ndipo kunama pamenepo ndi kudzikumbira dzenje. Ngati muli ndi mwana kwanu, nenani musanafike pa kokuhaku. Ena amavomera. Chimene savomera ndi kumva kwa anthu ena.

Ndipo inu amene mukuwerengera kuti mkazi wa kuno ndi viza, ndakumvani mukunong'onezana. N'zoona kuti viza ya mwamuna wa nzika imakulola kugwira ntchito iliyonse popanda malire a maola. Koma a zolowa ndi kutuluka m'dziko amafunsa mmene munakumanirana, amafuna zithunzi, mauthenga anu, mayina a abale amene akudziwa za ukwatiwo. Ndipo viza imeneyo ili m'manja mwa munthu wina. Mabanja ambiri kuno amatha popanda khoti, ndi pepala limodzi lokha la zilembo zobiriwira, rikon todoke, losainidwa ndi onse awiri ndi mboni ziwiri. La ukwati ndi la zilembo zofiirira. Musasaine pepala limene simungathe kuliwerenga, ngakhale atakuuzani kuti ndi la sukulu ya mwana. Ngati banja layamba kugwedezeka, ku ofesi ya mzinda kuli fomu yotchedwa fujuri moshide, yoletsa kuti pepala la chisudzulo lilandiridwe inu kulibe. Banja likatha muyenera kudziwitsa a zolowa ndi kutuluka pasanathe masiku 14, ndipo pakadutsa miyezi isanu ndi umodzi viza ija akhoza kuilanda. Za ana ndiye zowawa kwambiri. Kwa zaka zambirimbiri lamulo linkapereka mwana kwa kholo limodzi lokha, kawirikawiri mayi. Analisintha mu 2024 kuti makolo onse awiri azitha kukhala ndi ulamuliro, koma ndikudziwa abambo a ku Africa amene ana awo akula osawaona, ali mumzinda umodzi.

Za ine zinatha bwino, ngakhale sizinayambe bwino. Kokaonekera kwa makolo a mkazi wanga, kuchigawo cha Saga, ndinapita ndekha. Malume anga pafoni anadabwa: "Iwe mphwanga, ukupita wekha ngati mwana wamasiye? Nanga nkhoswe wa kuchikazi ndani?" Kuno masiku ano ankhoswe ndi osowa. Umavala suti, umanyamula bokosi la makeke lokutidwa bwino, umavula nsapato pakhomo. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti sokosi yanga yakumanja ili ndi chiboo pa chala chachikulu. Ndinayenda pa mphasa zawo nditapinda chala ngati nkhuku yoponda moto. Tinakhala chogwada, matako pa zidendene, mmene amakhalira iwo pa nkhani zaulemu. Apongozi aamuna, mlimi wa mpunga wa manja okhakhala ngati a bambo anga, sanandiyang'ane kumaso. Anafunsa mafunso atatu okha: ntchito yanga ndi yokhazikika kodi, mwana wawo ndidzapita naye ku Africa kodi, ndipo ndimamwa mowa kodi. Nditanena mawu amene ndinaloweza sabata yathunthu, opempha mwana wawo, anangopuma mozama n'kuyang'ana kumunda kudzera pawindo. Poimirira miyendo inali itachita dzanzi, ndinagwa chammbali n'kugunda chitseko cha mapepala mpaka kubooka. Apongozi aakazi anathawira kukhitchini, ndinkawamva akuseka atatseka pakamwa.

Mdalayo sanavomere ndipo sanakane. Panapita miyezi isanu ndi itatu. Nditaphunzira kale za kukhala chete kwa anthu a kuno, ndinkati basi zakanika. Kenako mu October, atakolola, panafika thumba la mpunga la makilogalamu 30 pa adiresi yanga, dzina langa litalembedwa ndi dzanja lawo m'zilembo za katakana, molakwika pang'ono. Munalibe kalata. Mkazi wanga ataona analira, amvekere, "Otousan avomera," kutanthauza bambo ake. Ukwati wake tinakalembetsa ku ofesi ya mzinda, pepala limodzi, mboni ziwiri, mphindi 20 zokha. Chinkhoswe tinakachitira ku Ntcheu chaka chotsatira, iye atavala chitenje, akuvina mosemphana ndi ng'oma, azakhali akumufupa.

Nkhondo yeniyeni inabwera titalowa m'nyumba, ndipo inali ya ndalama. Kuno m'mabanja ambiri mkazi ndi amene amasunga malipiro onse, mwamuna amapatsidwa ya m'thumba pamwezi, okozukai. Pa 25 mwezi woyamba wa banja lathu, nditalandira malipiro, ananditambasulira dzanja kuti ndimupatse khadi la kubanki, n'kundiwerengera 30,000 yen. Ine, mwamuna wa digiri ziwiri, kupatsidwa ndalama ngati mwana wopita ku boarding! Koma chachikulu sichinali chimenecho. Ndinali ndisanamuuze kuti mwezi uliwonse ndimatumiza fizi ya ana awiri a mlongo wanga, kuti October aliyense ndimagula feteleza wa amayi, kuti maliro akagwa foni yoyamba imalira kwa ine. Ndinkaopa kuti athawa. Ndiye ndinkatumiza mobisa, kuchokera pa ndalama ya maovataimu. Anazipeza pa mwezi wachinayi, malisiti ali m'thumba la jekete. Sanakalipe. Anawayala pa tebulo motsatira madeti ake, n'kukhala pansi kundidikira.

Funso lake loyamba linali lakuti kodi ndili ndi mkazi wina ku Malawi, popeza dzina lolandira linali la mkazi. Nditati ndi mlongo wanga, anafunsa kuti nanga bambo a anawo ali kuti, nanga boma silithandiza, nanga zidzatha liti. Kwa iye banja ndi ine, iye ndi mwana amene tidzabereke. Makolo ake ali ndi penshoni, sanapemphepo yen imodzi kwa mwana wawo. Ndinayesa kumufotokozera kuti kwathu ana a mlongo wako ndi mbumba yako, kuti ine fizi yanga ya ku sekondale analipira malume atagulitsa ng'ombe, kuti "zidzatha liti" ndi funso lopanda yankho. Tinakhala masiku atatu tikungopatsana moni. Tsiku lachinayi anandiuza kuti ndalamayo si imene yamupweteka, koma kuti ndinamuona ngati munthu woti sangamvetse.

Ali ndi kabuku kolembamo ndalama za pakhomo, kakeibo, kamene amalembamo ngakhale mtengo wa anyezi mmodzi. Usiku umenewo anajambula mzere watsopano pansi pa lendi ndi magetsi, n'kulemba kuti Malawi. Tinagwirizana chiwerengero cha pamwezi, ndi kenvulopu kena kapadera ka maliro ndi matenda. Zopempha zikapitirira pamenepo, amene amakana ndi iye, ndipo kunena zoona zinandipepukira, chifukwa ine kukana m'bale sindinkatha. Abale ena kumudzi amati ndinadyetsedwa, mkazi wa Chijapani anandiika m'botolo. Amayi okha ndi amene samanena zimenezo, chifukwa feteleza sanachedwepo chiyambire. September akamatha, mayi a kunyumba amatsegula kabuku kawo, pensulo kukhutu, n'kundifunsa m'Chichewa chawo chopindika kuti, "Bambo, thumba la Urea chaka chino ndi zingati?"